Mmene mungayendere njira yozungulira ya Knife Edge pa phiri la Katahdin

Phiri la Katahdin lili m'chigawo cha Maine, kumpoto chakum'mawa kwa America, mkati mwa Baxter State Park. Nsonga yake yaitali, Baxter Peak, ili pa mamita 1,605 okha. Munthu amene anakwerapo Sapitwa ku Mulanje, pa mamita 3,002, akamva nambala imeneyi akhoza kuganiza kuti ndi ulendo wopita m'mawa n'kudzadya nkhomaliro kunyumba. Si choncho ayi. Phirili lili kudziko lozizira, mitengo imathera cha m'ma mamita 1,100, ndipo pamwamba pake pali msana wa miyala wotchedwa Knife Edge, wotalika makilomita 1.8, umene malo ena umachepa mpaka kutsala mita imodzi, phompho uku phompho uku. Mukangoyamba kuyenda pamsanapo palibe potsikira pena. Mumapita kutsogolo kapena mumabwerera kumene mwachokera.

Zonse zimene ndikuuzeni pano, nthawi yodzuka, mbali yoyambira, ngakhale zolongedza m'chikwama, zikuchokera pa kamtunda kakang'ono kameneka.

Sankhani mbali yoyambira

Ulendo umayambira ndi kuthera pa msasa wa Roaring Brook, pa mamita 450 kapena chapompo. Njira zake ndi zinayi zolumikizana: Helon Taylor yokwera ku nsonga ya Pamola, makilomita 5.1, Knife Edge yochoka pa Pamola kukafika pa Baxter Peak, makilomita 1.8, Saddle yotsikira ku dziwe la Chimney Pond, makilomita 3.5, ndi njira ya Chimney Pond yobwerera ku Roaring Brook, makilomita 5.3. Pamodzi ndi makilomita pafupifupi 16, ndipo mumakwera mamita opitirira 1,100. Anthu ambiri zimawatengera maola 9 mpaka 12.

Alipo amene amayamba ndi Chimney Pond, n'kukwera ndi njira ya Cathedral, n'kudzadutsa Knife Edge pomaliza. Ine sindikulangizani zimenezo ngati ndi ulendo wanu woyamba. Yambani ndi Helon Taylor. Mukatero mumafika pa Knife Edge m'mawa, miyendo ikadali ndi mphamvu, mitambo ya mabingu imene imakonda kusonkhana masana isanabwere. Chinanso chachikulu n'chakuti malo ovuta kwambiri pa msana wonsewo ali pansi penipeni pa Pamola. Mukawaona n'kuzindikira kuti simungathe, mumangotembenuka n'kutsika ndi njira imene mwakwera nayo. Munthu wochokera mbali inayo amakumana ndi malo amenewa atayenda kale msana wonse, ali wotopa, ndipo akalephera pamenepo ndiye kuti abwerere makilomita 1.8 onse aja pamiyala yomweyo.

Pezani malo oimika galimoto musanachite china chilichonse

Pakiyi imachepetsa dala chiwerengero cha anthu okwera phiri, ndipo imachita zimenezi kudzera m'malo oimika galimoto. Malo a pa Roaring Brook mumasungitsiratu pa intaneti, pa tsamba la pakiyo, ndipo m'miyezi ya July ndi August amatha msanga. Geti lolowera m'paki la Togue Pond limatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Mukapanda kufika pageti nthawi itangopitirira 7 koloko, malo anu amapatsidwa kwa wina amene wakhala pamzere chibwerere mbandakucha. Galimoto yopanda nambala ya Maine imalipiranso ndalama yolowera.

Tauni yoyandikira ndi Millinocket, ulendo wa theka la ola kapena kupitirirapo kuti mufike pageti. Mafuta, chakudya ndi madzi mugule komweko, chifukwa mkati mwa paki mulibe sitolo, mulibe magetsi, mulibe mpopi, ndipo foni malo ambiri sigwira. Kuchoka pageti kukafika ku Roaring Brook ndi makilomita pafupifupi 13 pa msewu wafumbi wopapatiza umene salola kuthamanga. Ngati mungapeze malo ogona pa msasa wa Roaring Brook, imeneyo ndiye njira yabwino koposa, popeza mumayamba kuyenda kukungocha ena akadali pamzere kugeti.

Kusowa kwa zinthu kumeneku si umphawi wa paki. Percival Baxter, amene anali bwanamkubwa wa Maine kuyambira 1921 mpaka 1925, atalephera kunyengerera aphungu kuti boma ligule phirili, anayamba kugula malowa ndi ndalama za m'thumba mwake mu 1930, n'kumawapereka kwa anthu a ku Maine pa mgwirizano wakuti akhale tchire mpaka kalekale. Anapitiriza kugula kwa zaka zoposa 30, ndipo lero pakiyi ndi yaikulu maekala opitirira 200,000. N'chifukwa chake agalu saloledwa, zinyalala mumatuluka nazo nokha, ndipo mwana wosakwana zaka 6 sapita kumtunda kumene mitengo yathera.

Nyengo yake

Njira za pamwamba zimatsegulidwa chipale chofewa chikasungunuka, kawirikawiri kumapeto kwa May kapena mu June, ndipo zimatsekedwa cha m'katikati mwa October. Mu June muli tintchentche takuda toluma kwambiri m'nkhalango. Ine ndimakonda kumapeto kwa August ndi kumayambiriro kwa September, ngakhale kuti dzuwa limayamba kulowa msanga. Ngati n'kotheka sungitsani masiku awiri otsatizana, kuti tsiku loyamba likaipa musadzikakamize.

Zolongedza

Madzi akhale malita atatu pa munthu. Pa njira ya Helon Taylor pali kamtsinje kamodzi kokha, Bear Brook, ndipo kuchoka pamenepo simudzaonanso madzi odalirika mpaka mutatsika Saddle. Madzi alionse a m'paki muyenera kuwasefa kapena kuthiramo mankhwala musanamwe.

Kukhala ndi tochi ndi lamulo la paki. Mutenge yovala pamutu, ndipo ya pafoni musaiwerengere. Mutenge jekete yotchinga mvula ndi mphepo, juzi yotentha yosakhala ya thonje, chipewa chofunda makutu ndi magolovesi, ngakhale kumunsi kukutentha. Zovala za thonje zikanyowa ndi thukuta siziuma, ndipo mphepo ya pamwamba ikakuombani mutavala zonyowa mumayamba kunjenjemera m'mphindi zochepa. Magolovesi amathandizanso kuti mwala wa pamenepa, umene ndi wokhakhala ngati tupa, usakusupuleni zala. Nsapato zikhale zogwira bwino pamwala, zimene mwayenda nazo kale. Chakudya chikhale chambiri kuposa mmene mukuganizira, cha mchere ndi cha shuga: mtedza, buledi, tchizi, zipatso zouma. Mapu apepala musasiye.

Chikwama chikhale chaching'ono, chomangika bwino kumsana, popanda botolo kapena kapu yolendewera kunja. Ngati mumayenda ndi ndodo, zikhale zopindika kuti muziike m'chikwama musanafike pa Pamola. Pa Knife Edge manja onse awiri amakhala pantchito.

Pa Roaring Brook

Pitani pakhonde la nyumba ya woyang'anira paki mukalembe m'kaundula dzina lanu, chiwerengero cha anthu, njira imene mutsate ndi nthawi yonyamukira. Pomwepo amapachika za nyengo ya tsikulo. Werengani makamaka za mphepo ndi za mabingu. Woyang'anira akakuuzani kuti lero si tsiku la Knife Edge, mumvereni. Anthu amenewa ndi amene amanyamula ovulala pamachira usiku wonse kutsika nawo phiri.

Musananyamuke, gwirizanani ndi anzanu nthawi yobwerera. Mwachitsanzo, ngati 11 koloko yakwana musanafike pa Pamola, Knife Edge mwaisiya. Mugwirizanenso kuti mmodzi akanena kuti sakupitirira, nonse mukubwerera popanda kumunyoza. Zoterezi zimavuta kukambirana pamwamba, pamene aliyense akuiona nsonga ndi maso.

Kukwera Helon Taylor

Mukangoyenda pang'ono kuchoka pamsasa, njira ya Helon Taylor imapatukira kumanzere. Tsatirani zizindikiro za penti yabuluu pamitengo ndi pamiyala. Poyamba mumayenda m'nkhalango, pamizu ndi miyala, kenako mumawoloka Bear Brook. Imwani pamenepa mpaka ludzu lithe, mudzazenso mabotolo.

Mitengo imayamba kufupika mpaka kukulekezani m'chiuno, kenako kutheratu, ndipo mumatulukira pa msana wotchedwa Keep Ridge. Kuyambira apa ndi miyala ikuluikulu yokhayokha, ina yofuna kudzikoka ndi manja. Kangapo konse mudzaona ngati nsonga ndi iyo, koma mukafikapo mupeza ina patsogolo. Musathamange. Yendani pa liwiro loti mukhoza kulankhula ndi mnzanu osapuma wefuwefu. Maola atatu kapena anayi ndi abwino kufika pa Pamola.

Msana umenewu ndi umene umakuuzani zoona za mphepo. Ngati pa Keep Ridge mphepo ikukudzandiritsani, dziwani kuti pa Knife Edge ili kuposa pamenepo.

Pa Pamola: imani, idyani, yang'anani

Pamola ili pa mamita pafupifupi 1,500. Dzinali ndi la mzimu wa mphepo ndi mkuntho umene anthu a mtundu wa Penobscot, eni nthaka ya kuno, amati umalondera phirili, ndipo makolo awo sankakwera pamwamba mwachisawawa. Dzina loti Katahdin nalonso ndi la chilankhulo chawo, kutanthauza phiri lalikulu koposa. Amene anakulira kufupi ndi Mulanje sangadabwe nazo zimenezi, poti nakonso akuluakulu amati pamwamba pali eni ake. Ine ndikafika pamenepa ndimatsitsa mawu.

Khalani pansi pamalo obisika ku mphepo, muvale jekete musanayambe kuzizidwa, mudye. Kenako yang'anani zinthu zitatu. Choyamba ndi mwala: ngati wanyowa ndi mvula kapena nkhungu, kapena pali ayezi, musapite. Chachiwiri ndi mphepo: ngati simungaime chilili osagwira mwala, musapite. Chachitatu ndi mitambo, makamaka ya kumadzulo kumene nyengo imakonda kuchokera. Ikakhala ikuunjikana m'mwamba ngati zulu, pansi pake pakuda, kapena mwamva kugunda ngakhale kutali, tsikani. Pa Knife Edge inuyo ndi amene mumakhala chinthu chachitali kuposa zonse, ndipo mphenzi ilibe pena pogwera.

Ulendo wanga woyamba unathera pomwepa. Kumwamba kunali koyera, koma mphepo inkandikankha ndikaimirira, ndipo ndinabwerera ndi Helon Taylor mtima ukuwawa. Ndinadzadutsa chaka chotsatira pa tsiku lodekha, ndipo nditaona malo amene ndikanayenera kuponda mumphepo ija, ndinathokoza kuti ndinabwerera.

Mpata wa Chimney

Mukatsimikiza kupita, mayeso amabwera nthawi yomweyo. Kuchoka pa Pamola njira imatsika chiphedi choongoka kulowa mumpata wopapatiza, kenako n'kukweranso khoma lina kupita pa kansonga kotchedwa Chimney Peak. Si patali, koma palibe chingwe, palibe makwerero, palibe chitsulo chogwira.

Tsikani mutayang'ana kumwala, ngati mukutsika makwerero, osati mutaufulatira. Munthu akafulatira mwala chikwama chimamukankhira kunja. Pa nthawi iliyonse ziwalo zitatu zikhale zitagwira, chimodzi chokha ndiye chizisuntha. Musanatsamire pamwala ugwedezeni kaye muone ngati uli wolimba. Pali sitepe imodzi kapena ziwiri pamene munthu wamfupi sapaona popondapo. Apa amene ali wodziwa atsike choyamba, aime pansi, azimuuza mnzake kuti phazi lamanja litsike pang'ono, lipite kumanzere, pomwepo. Ngati chikwama chikusokoneza, chivuleni mupatsirane pamanja, koma osachiponya. Muzitsika mmodzimmodzi, ndipo amene ali pansi asaime molunjika ndi amene akutsika, kuopa mwala wogumuka.

Pamenepa pamakhala mzere masiku a anthu ambiri, ena akutsika ena akukwera. Dikirani nthawi yanu, ndipo wina akakhala kumbuyo kwanu asakuchititseni phuma. Mukafika pansi pa mpatawo mudzaona chigwembe chotsetsereka cholowera ku Chimney Pond. Imeneyo si njira ya oyenda pansi. Kwerani khoma la kutsogolo potsata penti yabuluu. Kukwera kumaphweka kusiyana ndi kutsika kuja chifukwa mumaona pogwira.

Pamsana penipeni

Kuchoka pa Chimney Peak msana umapita mokhotakhota, kukwera ndi kutsika timitu tambirimbiri ta miyala, mpaka pa South Peak. Kudzanja lamanja kuli phompho la mamita mazanamazana lotsikira ku chigwa cha South Basin, ndipo dziwe la Chimney Pond limaoneka pansi ngati kambale ka madzi. Kumanzere nakonso n'kotsetsereka kwambiri. Patulani ola limodzi ndi theka, ngakhale awiri, pa makilomita 1.8 amenewa.

Penti yabuluu ndiyo moyo wanu pano. Nthawi zina imadutsa pamwamba penipeni, nthawi zina imalambalala mutu wa mwala mbali imodzi. Musachoke pachizindikiro chimodzi musanaone chotsatira. Mukapezeka pamalo ovuta kuposa onse amene mwadutsa ndipo penti sikuoneka, mwasochera. Bwererani pa chizindikiro chomaliza. Pamalo opapatiza musachite manyazi kukwawa kapena kukhala pansi n'kumadzikhwekhwereza. Maso akhale pamene phazi likupita. Mukafuna kuona dziko kapena kujambula, imani kaye, mukhale pansi, kenako mutulutse foni. Pokumana ndi anthu ochokera mbali inayo, amene ali pamalo otakasuka ndiye aime, winayo adutse.

Mantha akakugwirani pakati, miyendo n'kuyamba kunjenjemera, khalani pansi, mugwire mwala ndi manja onse, mupume mpaka mtima ukhazikike, mumwe madzi. Kenako sankhani chizindikiro chimodzi chokha chapatsogolo n'kupita pamenepo. Mnzanu akagwidwa ndi mantha musamukalipire kapena kumukoka dzanja. Khalani patsogolo pake pafupi, aziponda pamene mwaponda.

Chimene musayerekeze n'komwe ndi kudula njira kutsikira ku dziwe. Kuchokera pamwamba zigwembe zina zimaoneka ngati zotsikika, koma zimakathera pamakoma oongoka amene simungawaone muli kumtunda. Mu October 1963 mayi wina anachoka pa Knife Edge kuti atsike molunjika ku Chimney Pond, n'kukakamira pathanthwe osatha kupita kutsogolo kapena kubwerera. Woyang'anira paki Ralph Heath anakwera kukamupulumutsa, mkuntho wa chipale chofewa unawapeza komweko, ndipo onse awiri anamwalira. Nyengo ikasintha muli pakati, pitani kumapeto amene ali pafupi, Pamola kapena Baxter Peak, potsata penti.

Mukafika pa South Peak zovuta zatha. Msana umatambasuka ndipo Baxter Peak ili pafupi.

Baxter Peak ndi kutsika Saddle

Pamwamba pali mulu waukulu wa miyala ndi chikwangwani chathabwa. Apa ndi pamene pamathera Appalachian Trail, njira ya makilomita pafupifupi 3,500 yochokera ku chigawo cha Georgia, kum'mwera kwa America, ndipo kumapeto kwa chilimwe mukhoza kuona anthu owonda, nsapato zong'ambika, akulira atakumbatira chikwangwanicho atayenda miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Apatseni mpata ajambulitse.

Musakhalitse. Mwayenda makilomita 7 okha, ndipo 9 akadali patsogolo. Ovulala ambiri m'mapiri amavulala potsika, atatopa ndipo maganizo ali kale kugalimoto. Onetsetsani chikwangwani cha njira musananyamuke: penti yoyera ndi ya njira ya Hunt, imene idzakutsitsirani ku Katahdin Stream, mbali ina ya phiri, kutali kwambiri ndi galimoto yanu. Inu mukufuna yabuluu ya Saddle. Mukatsika pang'ono mudzaona njira ya Cathedral ikupatukira kumanja. Ndi yaifupi, koma ndi yoongoka kwambiri, ndipo a paki salimbikitsa kutsika nayo.

Kwa makilomita pafupifupi 1.5 mumayenda pa chidikha cha pamwamba chotchedwa Tableland. Pondani pamiyala ndi m'njira mokha. Timitengo tating'ono ta pano, monga diapensia, timamera mwapang'onopang'ono kwambiri moti kachitsamba kokwana m'dzanja kakhoza kukhala ka zaka makumi angapo, ndipo pali gulugufe wina, Katahdin Arctic, amene sapezeka kwina kulikonse padziko. Nkhungu ikagwa pamenepa tsatirani milu ya miyala umodziumodzi, chifukwa chidikhacho chimafanana mbali zonse.

Kenako njira imakhotera kumanja n'kugwera mu Saddle Slide, pamene phiri linagumuka. Gawo loyamba ndi lotsetsereka, lodzaza timiyala toyenda pansi pa phazi ngati mwaponda nandolo wouma. Tsikani pang'onopang'ono, masitepe aafupi, mawondo opinda, ndipo musiyane mtunda. Mukagumula mwala fuulani kuti a kumunsi amve. Mukalowa m'mitengo mumapeza kamtsinje, ndipo kuchoka apo ndi miyala ndi mizu mpaka pa Chimney Pond.

Chimney Pond mpaka kugalimoto

Pitani pagombe la dziwe mukayang'ane m'mwamba. Msana wonse umene mwadutsa umaoneka ngati mano a sowo, kuyambira pa Pamola mpaka pa Baxter Peak. Kusamba m'dziweli n'koletsedwa chifukwa ndi madzi akumwa a ogona pamsasapo. Pali nyumba ya woyang'anira paki, choncho ngati wina wavulala kapena wafooka kwambiri, nenani pomwepa. Dzazani botolo, mudye zimene zatsala, muone nthawi.

Makilomita 5.3 omaliza si otsetsereka kwambiri, koma ndi miyala yokhayokha ndipo mapazi amakhala atatupa. Patulani maola awiri. M'nkhalango mdima umagwa msanga kuposa pamwamba, ndiye tulutsirani tochi pa Chimney Pond muiike m'thumba la jekete. Njira imadutsa pafupi ndi Basin Ponds kenako n'kutsata mtsinje wa Roaring Brook. Ngati kukadali kowala ndipo miyendo ikulola, Sandy Stream Pond ili pafupi ndi msasa, ndipo madzulo kumabwera moose, nyama yaikulu ngati ntchefu, kudzadya zomera za m'madzi. Muziionera patali.

Musanalowe m'galimoto bwererani pakhonde paja mukalembe m'kaundula nthawi imene mwatsika. Mukaiwala, woyang'anira amaona dzina lopanda nthawi yobwerera, ndipo usiku womwewo amayamba kufufuza ngati mukadali m'phiri.